Adada ndi Mbale za Amayi a Kumpingo

Amayi,

Kodi mukudzuka bwanji kumeneko? Ife kuno ku Nkhamanga tonse tili moyo. Ndayamba ndi mawu amenewa dala, chifukwa m'kalata muno muli nkhani ya chipatala, ndipo ndikukudziwani, mungayambe kumanga chitenje musanafike kumapeto. Ndine Wezi, mwana wanu woyamba. Ndikulemba m'Chichewa chanu cha ku Dowa, chimene munakana kuchisiya zaka zonse zimene munakhala pakati pa Atumbuka.

Ndiyambe ndi zokoma. Mlamu wanga NyaGondwe, mkazi wa Chawanangwa wanu, anachira m'nyengo yozizira. Ndi mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Watenga chipumi chanu, komanso asanalire amayamba wakweza nsidze, monga munkachitira wina akaswa mbale. Chimanga chachita bwino ngakhale mvula inadula pakati. Mtedza ndiye wosakamba, tasowa poyanika. Chawanangwa akudandaula za fodya monga mwa chaka chilichonse, koma mbewu ya chaka chamawa wafesa kale. Mbuzi yanu yakuda ija yaswa mapasa, ndipo khalidwe lake lodya zovala pachingwe silinasinthe.

Nkhani yaikulu ndi ya adada. Maliro anu atatha, ine ndinabwerera kukaphunzitsa kusukulu kwanga kuseri kwa Bolero, kumudzi ndinkangobwera Loweruka. Amayi a kumpingo anagwirizana zoti mkulu wa mpingo sangamadziphikire yekha, choncho anagawana masiku operekera chakudya. Wotsogolera anali ankhazi, alongo awo a adada. Inu mukudziwa mmene zimakhalira kuno. Mbale yopita kwa munthu wolemekezeka, woferedwa kumene, siipita ndi masamba owiritsa. Aliyense amafuna kuti mbale yake ikavundukulidwa izinyezimira, anthu adziwe kuti kwawo mafuta ophikira sasowa. Lolemba nkhuku yokazinga, Lachiwiri mazira okazinga, Lachitatu usipa wosambira m'mafuta. M'mawa uliwonse mandasi kapena zitumbuwa. Ngakhale kabichi ankafika atamira mpaka m'khosi. Anali mpikisano wa chikondi, Amayi, ndipo bwalo lake linali mimba ya adada.

Adada ananenepa. Masaya anadzaza, khosi linasowa, jekete la Lamulungu linakana mabatani. Anthu ankandiimitsa panjira n'kumandiyamika kuti ana a malemu akusamala bambo wawo. Ndisakunamizeni, ndinkamva kukoma, ngakhale sindinkaphika ndine. Ndinaiwala mwambi umene munkaukonda uja, wakuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Adada ankadandaula kutentha pamtima akatha kudya, mutu unkawapweteka cha kunkhongo, ndipo popita kudimba ankapuma kawiri panjira. Ife tinkati ndi chisoni ndi ukalamba basi.

Lamulungu lina akuwerenga mawu kutsogolo, anaima pakati pa vesi. Anagwiritsa tebulo ndi manja awiri, kenako anakhala pansi pomwepo, thukuta lili kamukamu. Pambuyo pake anatiuza kuti zilembo zinayamba kuvina. Tinathamanga nawo kuchipatala. Namwino anawayeza BP kawiri, n'kupita kukaitana dokotala. Dokotalayo, mayi wachitsikana wa ku Nchenachena, anawafunsa zimene amadya pa mlungu. Adada anayamba kutchula monyadira, tsiku ndi tsiku, mbale ndi mwini wake. Asanafike Lachinayi, dokotala anali atasiya kulemba.

Anatifotokozera bwinobwino. Anati magazi a adada akuthamanga kwambiri. Zokazinga zatsiku ndi tsiku zimanenepetsa, mafuta amaunjikana m'mitsempha, njira ya magazi imachepa, ndiye mtima umavutika ngati lole yodzaza katundu pamsewu wokwera ku Khondowe. Anati zikapitirira, mapeto ake ndi sitiroko, kapena matenda a mtima, mwinanso shuga. Anadzudzula kwambiri mafuta a pachiwaya, okazingira mobwerezabwereza mpaka kuda. Anawapatsa mankhwala, n'kulamula kuti achepetse mafuta ndi mchere, komanso aziyenda. Nditamva mawu akuti sitiroko, sindinazengereze. Mlungu womwewo ndinasamukira kumudzi, ndipo tsopano kusukulu ndimapalasa njinga. Paja munkati mutu ukakula sulewa nkhonya.

Koma vuto linali mbale zija. Kodi mbale ya chipepeso imabwezedwa? Munthu wapha nkhuku yake, wayenda nayo padzuwa, iwe n'kumuuza kuti abwerere nayo? Ndinalibe mtima umenewo. Ndiye ndinapeza nzeru imene ndinkaiona ngati yakuya. Ndinkalandira mbale ndi manja awiri, n'kuthokoza m'Chitumbuka kuti yewo chomene, mwini wake akangokhota ine n'kuzungulira nayo kuseri, kukaipereka kunyumba kwa Chawanangwa. Mwezi usanathe, Chawanangwa anaboola bowo latsopano palamba. NyaGondwe anandiuza mwaulemu kuti matenda sindinawachotse, ndangowasamutsira nyumba ina.

Adada nawo ankadya nkhwani wanga nkhope ili ngati akumwa kwinini. Koma chodabwitsa, sankadandaula za njala, ndipo anayamba kukonda kwambiri kukazonda odwala ku Bolero. Ndinkayamika Mulungu kuti akuyenda monga ananenera dokotala. Tsiku lina ndikupukuta patebulo ndinatsegula buku lawo la nyimbo, n'kupeza masamba atatu akuonekera mbali zonse ndi mafuta. M'thumba la jekete munali kanyuzipepala konunkhira kanyenya ndi tsabola. Odwala ake anali amenewo. Mwamuna wanu, mphunzitsi wamkulu wopuma, ankaima pachiwaya ndi anyamata a kabaza, kulimbirana chotokosera.

Ndinawapeza masana atakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, ndinaika bukulo pamwendo pawo. Ndinkafuna kulankhula ngati mphunzitsi, koma misozi inanditsogolera. Ndinawauza kuti ndaika mayi chaka chatha, ndipo mphamvu zoika bambo chaka chino ndilibe. Anatseka bukulo, kenako anandifunsa ngati ndikukumbuka kachitsekero ka botolo kamene inu munkayezera mafuta.

Ndingaiwale bwanji? Kachitsekero kamodzi pa mphika wonse, alendo abwere asabwere. Tikadandaula munkatiyankha kuti ndiwo si nyale yoti izidzazidwa mafuta. Anzathu akamadya tchipisi ife tinali pa nyemba zowiritsa ndi chigwada chotendera. Ine ndi Chawanangwa tinkakunenani kuseri kuti ndinu ouma manja, ndipo ankhazi ankanena poyera kuti mlongo wawo anakwatira mkazi womana.

Adada anandiuza kuti ine ndili wamng'ono anadwalapo chimodzimodzi, ndipo kuchipatala cha ku Khondowe anawauza mawu omwewa. Inu munali pomwepo. Iwo anakupemphani kuti musauze munthu, poopa kuti anthu aziti aphunzitsi aakulu ndi odwaladwala. Ndipo inu simunauzedi munthu, ngakhale ife ana anu.

"Dzina la kuuma manja amayi ako analisenza chifukwa cha ine," anatero adada. "Atapita, mbale zija zitayamba kubwera, ine ndinangoona ngati sukulu yatsekera."

Amayi, ndinaseka ndikulira. Zaka zonsezo munkamva anthu akukunenani pachitsime, inu n'kumangoyeza kachitsekero kanu. Bwanji simunatinong'oneze? Ndachita manyazi kwambiri ndi zimene ndinkakunenani. Pepani. Mawu a akulu akoma akagonera, koma anuwa achita kugonera mpaka mwini wake wapita.

Ndinapempha adada kuti chinsinsi chimenechi chithe, ndipo anavomera monyinyirika. Lachinayi ndinapita kumsonkhano wa amayi kutchalitchi. Ndinagwada, ndinawathokoza mmodzimmodzi chifukwa cha mbale zawo, kenako ndinanena zonse, za dokotala, za Chawanangwa, za kachitsekero. Za buku la nyimbo zokha ndinawasungira adada. Ndinawapempha kuti mbale zisasiye kubwera, koma aziphika monga ankaphikira malemu. Amayi onse anangoyang'anana. Ndinaganiza kuti ndalakwira mpingo wonse. Kenako NyaKumwenda, mnzanu wa kwaya uja, anatsokomola n'kunena kuti amuna awo nawonso ali ndi mankhwala omwewo, amabisa m'nsapato. Wina anati ake amabisa kudenga. Chiseko chinabuka, ndipo zinapezeka kuti akulu a mpingo angapo akudwala mobisa, aliyense akuyesa kuti ali yekha.

Mpikisano sunathe, wangosintha bwalo. Tsopano akulimbirana kuti wodziwa kutendera nkhwani ndani. Kukubwera nyemba za ku Nchenachena, nsomba yootcha pamakala, futali, nthochi zophika, mapapaya. NyaKumwenda amayenda ndi kachitsekero kake pamfundo ya chitenje. Nsinjiro nazo zili ndi mafuta, ndiye ndayamba kuziyang'anira, chifukwa anthu awa akagwira chinthu sadziwa polekezera. Adada ndimawalola mandasi amodzi Lamulungu. Amawadya pang'onopang'ono, maso ali tsinzi, ndipo amati mwana anabereka okha wasanduka woyang'anira ndende.

Ankhazi okha ndiwo sanagonje. Iwo akuti mwamuna woonda amachititsa manyazi mtundu, ndipo kuchipatala amangoopseza anthu. Anasiya kubweretsa mbale. Kuchigayo anauza anthu kuti ndikuumitsa mlongo wawo, ndipo kumana ndinayamwira kubere. Anthu atandifikitsira mawuwo, anandibaya kwambiri, tsiku lonse sindinaphunzitse bwino. Ena panjira asiyadi kundiyamika, amangoyang'ana kolala ya adada kuti yayamba kukhwepa, kenako n'kuyang'ana ine. Tsopano ndadziwa kulemera kwa katundu amene munasenza, ndipo ine ndangomusenza miyezi yochepa.

Koma tamverani izi. Mlungu wathawu tinapitanso kukayezetsa. Namwino anayeza kamodzi kokha, n'kumwetulira. BP yatsika, ngakhale mankhwala akuti asasiye. Kutentha pamtima kunatha. Dzulo adada anapita kudimba osapuma panjira, anathirira mpiru wonse, pobwera ananyamula mdzukulu wawo n'kumazungulira naye bwalo akumuimbira nyimbo yolakwika mawu. Anauza NyaGondwe kuti mwanayu kulemba dzina adzamuphunzitsa okha, aphunzitsi a masiku ano sakuwakhulupirira. Ananena zimenezi ine ndili pomwepo ndi choko m'manja.

Ndikudziwa kuti mwawasowa amuna anu, Amayi. Iwonso akusowani, amatchula dzina lanu tsiku lililonse, makamaka ndikawathirira mchere wochepa. Koma musafulumire kuwakonzera malo. Lonjezo langa ndi ili: ankhazi anene, a kuchigayo anene mpaka pakamwa paume, ine dzina la kuuma manja lija ndalilandira ndipo sindilitula. Adada abwera ndithu tsiku lina, koma achedwa kwambiri, ndipo wowachedwetsa ndine.

Ine mwana wanu wokukondani,
Wezi