Mpando wa Galimoto Yakuda

Lachinayi madzulo. Mtima sunakhazikike lero.

M'mawa pakhonde pomwe ndimasokera nsapato panaima galimoto yakuda. Mwiniwake, mlendo wolankhula Chichewa cha kumwera, anati chikopa cha mpando wakumbuyo chatamuka. Ndinachikanda ndi nsalu yoviika m'madzi otentha, ndinachikoka, n'kuchisokera kunsi. Kantchito kotere akanakagwira aliyense ku Mzuzu komwe akuti anachokera. Anatsikiranji mpaka kuno?

Ndili mkati mosoka anafunsa, "Achimwene anu amene anathawira ku Tanzania aja ali bwanji?"

Ine ndinali ndisanamuuze ngakhale dzina langa. Ndinangoti, "Sitimva za iwo, bwana."

Akuti abweranso Loweruka, chifukwa mpando wakutsogolo nawonso watamuka. Mpandowo ndinauyang'ana bwinobwino. Ulibe vuto lililonse.