Chikho Changa pa Mtsinje wa Faleme

3 Novembala
Madzi atsika zala zinayi. Chikho chayandama kuchokera pa bwemba kufika pa thanthwe m'masekondi makumi asanu ndi limodzi. Ndalemba m'buku la ofesi, monga ndachitira zaka makumi atatu.

5 Novembala
Abwera anyamata a ofesi ya za madzi ndi kamera. Amwaza mankhusu a mapira pamtsinje, najambula mmene akuyendera. Akuti liwiro la madzi limene ndimalemba ndi lochepa, buku langa lonse n'lokayikitsa. Mphepo inali kuwomba motsata madzi. Mankhusu amamvera mphepo. Chikho changa ndimathiramo mchenga, chimire kufika m'khosi, chimvere madzi okha.

6 Novembala
Bouna woolotsa anthu: "Nkhalamba iwe, mwana wako akuyeza madzi ndi kuwala ku Ulaya, iwe ukadali ndi chomwera phala." Zithunzi zija akuti azitumiza kwa iye, mwana wanga Dalla. Zaka zisanu ndi zinayi osaponda kuno. Ndine ndinamuuza kuti mtsinje si ntchito ya mwana wamkazi. Ananyamula chikwama, osatsutsa. Anatengera ine.

14 Novembala
Madzi atsika chikhatho. Foni ili chete. Ndasesa chipinda chake popanda chifukwa.

19 Novembala
Dalla wayankha, koma wayankha ku ofesi. Mkulu wawo wandiwerengera kalatayo ataimirira. Mankhusu anathamanga kuposa madzi. Manambala a "woyeza wa pa Kidira" ndiwo olondola. Woyeza wa pa Kidira, ndiye ine. Sanalembe kuti bambo.
Mpunga wa masana wandikanika.

23 Novembala
Waimba. Mawu ngati a malemu mayi ake. Moni wathunthu, kufunsa za mwendo wanga, za mbuzi. Kenaka: "Baba, mchenga mumathira wochuluka bwanji m'chikhomo? Ndikufuna ndiulembe bwino, ena aphunzire."
Yankho ndi lalifupi: manja awiri, wonyowa. Linali pakamwa.
Ndinati, "Zimenezo sizinenedwa pa foni. Munthu amaona ndi maso."
Ndinamva akupuma. Anati aona ngati ntchito imulola mu Disembala.

24 Novembala
Ndanama, ndipo ndapempha chikhululuko pa swala, pemphero la m'mawa. Madzi akutsika msanga. Ikafika Disembala mtsinje ukhoza kukhala mchenga wokhawokha, chikho osayandama. Zikatero ndidzamuonetsa chiyani?
Mulimonsemo, abwere.