Mtsuko Umene Unasweka pa Kanema

Sunchang,
9 Novembala 2023

Okondedwa achemwali anga a Gyeong-ok,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Kanadako pamodzi ndi alamu komanso mwana wathu Da-som, amene ukwati wake wayandikira. Kuno matupi ali bwino, koma mtima wanga ukuwawa, ndipo pafoni mawu amandikanika.

Mlongo wathu Tae-sik anabwera ndi bambo wina wa ku Seoul, a Pyo, wopekera makampani nkhani zotsatsira malonda. Asanalawe n'komwe msuzi wa soya umene timapanga n'kugulitsa, anayamba kutiphunzitsa.

"Musamati msuzi wanu ndi wokoma, aliyense amatero," anatero a Pyo. "Muziti dziko lasintha. Anthu akukhala okhaokha, akudya choimirira, wodikira zaka zitatu kuti msuzi ukhwime mumtsuko palibenso. Anzanu akadali m'tulo, inu mwadzuka."

"Mwamva, achemwali?" anatero Tae-sik. "Msuzi tiziugulitsa m'timapaketi basi! Zamitsukozi n'zamakedzana."

"Mitsuko yomweyo ndi imene inakulera, wamwano iwe," ndinamuyankha. Anangoseka.

Anapangana zojambula kanema: mtsuko wakale ukusweka, kenako timapaketi tikuonekera. Anabwera tsiku limene amayi anapita kuchipatala kukaonetsa maso. Atandifunsa mtsuko woti aswe, ine ndi mkwiyo wangawu ndinangoti, "Sankhani nokha, si inu odziwa zonse?" n'kulowa m'nyumba. Kulakwa kwanga ndi kumeneko.

Iwo anakonda uja womangidwa chingwe cha udzu chokhala ndi tsabola ndi makala, ati ukukongola pa kamera. Ankayesa chingwecho n'chokongoletsera. Achemwali, unali mtsuko wa msuzi wambewu, uja agogo anabwera nawo pokwatiwa, umene amayi amatapamo pang'ono n'kuthira mu msuzi watsopano chaka chilichonse. Tae-sik, wobadwira pakhomo pano, ndiye anagwira hamala. Nditamva kusweka ndinathamanga, n'kupeza dothi likumwa msuziwo, a Pyo akuwomba m'manja.

"Osazimitsa kamera! Zabwino zabwera zokha!" anafuula a Pyo.

Kanemayo wafika kutali, ogula achuluka, ndipo Tae-sik akuitanidwa m'misonkhano kukafotokoza mmene anaonera kusintha kwa msika. Sindimulankhula.

Ine ndinagula mtsuko wofanana nawo, n'kuthiramo msuzi wachaka chatha, n'kumanganso chingwe. Maso a amayi afooka, koma lilime lawo simungalinamize, mukudziwa. Akuti adzautsegula mwezi wamawa kuti atapire Da-som gawo lake la kuukwati, monga anakutapirani inu. Akadzalawa adzadziwa, ndipo pa msinkhu wawowu ndikuopa.

Ndiye ndikupempheni chinthu chochititsa manyazi. Muwaimbire amayi, muwauze kuti kumeneko malamulo salola msuzi kulowa, kapena kuti Da-som saufuna. Sankhani bodza limene mungathe kulinyamula, ine anga andikwana.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi mkwatibwi wathu. Amayi akupereka moni wambiri. Botolo la Da-som alitsuka kale, ndipo m'mawa uliwonse amandituma kuti ndikaliyanike padzuwa. Ndimapita.

Ndine mng'ono wanu,
Sun-deok