Tsiku Limene Ndinalila Ndekha

Petauke

Alongo anga a Stanislaus,

Ndikhulupilila munafika bwino ku Kitwe. Alamu ndi ana ali bwanji? Kuno tilipo, kupatula atate amene sakugona.

Pa foni munati ndikathokoze a Imasiku, aneba athu, chifukwa cha tenti ndi galimoto zimene anapeleka pa malilo a amai. Ndinangoyankha kuti chabwino. Sindinapite, ndipo mveleni chifukwa chake.

Chibwelele bamboyu kuno pa ntchito, Loweluka lililonse ndi phwando. Masipika amayamba masana, malata athu mpaka kunjenjemela. Amai akudwala ndinapita kukapempha kuti achepetse phokoso. Anandiseka, amvekele mpanda ndi wao, ndipo nyimbo sizinaphepo munthu. Atcheyamani a komboni nawonso amadya kanyenya komweko, ndiye mungayembekeze chiyani?

Amai anatisiya Loweluka, dzuwa likadali pamutu. Ndinawatseka maso, ndinatuluka pakhomo n'kuyamba kulila mokweza monga timachitila, kuti azimai amve abwele. Ndinalila mpaka mau anatha. Sipanabwele munthu. Amai Mainza, amene khomo lao layang'anizana ndi lathu, anali kwao akuchapa, koma sanamve kanthu.

Atate simungawasiye okha chigwele sitiloko ija, koma ndinawasiya ndi mtembo wa mkazi wao. Ndinalowa pa geti ya a Imasiku wopanda nsapato. Mnyamata wina woledzela anandigwila dzanja, akuyesa ndabwela kudzavina. Ndinachita kukuwila m'khutu mwa mwini nyumba kuti kwathu kwagwa malilo.

Nyimbo anazimitsa, inde. Tenti munaiona, ndipo anthu anawatama. Ine mtima unkandiwawa, ndipo ukundiwawabe.

Patangotha masabata ochepa anayambilanso maphwando ao. Akuti moyo suima.

Tsopano likafika Loweluka atate amakana chakudya, amangoyang'ana kukhomo. Dzulo ndikuwasambitsa anandiuza, ndi kamwa lao lopindika lija, kuti iwo akadzapita ndisadzavutike ndi kulila. Ndidzayambe ndakagogoda kwa aneba kuti azimitse, kenako ndidzalile. Ananena mofatsa, ngati akundituma mchele.

Alongo anga, ndakugwilani mwendo. Ndikudziwa munati nyumba ya amai isatsekedwe, ndiponso kuti kuno chipatala chili pafupi. Koma ndiloleni ndiwatenge atate tipite ku Nyalugwe kwa azakhali. Mankhwala ndizidzawatengela ku Nyimba, ngakhale ndi kutali. Kumudzi kuja munthu akalila amamveka.

Musachedwe kuyankha. Miyendo yao yayamba kutupa, ndipo lelo ndi Lachinayi.

Mupeleke moni kwa alamu ndi kwa Abby, mumuuze kuti agogo ake amamufunsa. Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Mildred