Magazi a Cleto Ankaonetsa Kuti Ali Bwino

Wokondedwa mng'ono wanga Nimfa,

Ndikhulupirira kuti ku Davao muli bwino, iwe ndi alamu anga a Gaudencio. Kuno ku Iloilo tilipo. Mapemphero a tsiku la makumi anayi chimwalirire mwamuna wanga Cleto tinachita Loweruka, ndipo alendo onse apita.

Uthenga wako wondiitanira ku Misa yothokoza ndaulandira. Ukuti mankhwala atsopano agwira ntchito, PSA ya alamu, muyeso wa m'magazi wosonyeza mmene khansa yawo ilili, yatsika. Ndinayesetsa kukondwera, Nimfa, koma zinandikanika.

Ukukumbukira mmene amuna athu ankanyozerana pa foni? Khansa imodzimodzi ya prostate, kachiwalo ka amuna ka pansi pa chikhodzodzo, jakisoni wotseka mahomoni achimuna yemweyo. Cleto akalandira zotsatira za magazi, ankawauza alamu, ngati ali pa mpikisano womenyanitsa atambala, kuti tambala wawo wagonjanso, angomuphika ndi papaya. PSA yake inali pansi, ya alamu ikukwera. Ine ndinkamvera chisoni iweyo, mpaka kukuyatsira kandulo kutchalitchi.

Cleto atayamba kuwonda ndi kudandaula m'mimba, tinkanamizira nsomba zouma zimene ankazikonda zija. Maso atachita chikasu m'pamene anamutapa kachidutswa ka chiwindi. Adokotala anati khansayo itamanidwa mahomoni inasanduka mtundu wina, wa neuroendocrine, umene sudalira mahomoni ndiponso sukweza PSA. Cleto anawafunsa ngati ndiye kuti mpikisano wapambanabe. Iwo sanaseke.

Ndawerenga zonse zimene ndapeza zokhudza matendawa, monga ndinkachitira pokonzekera kukaphunzitsa m'kalasi. Akuti zimagwera ochepa. Palibe buku limene landiuza chifukwa chake pa amuna awiri zinasankha wanga.

Dzana tikucheza pa foni, ndinamva alamu akufunsa kumene kuli masilipasi awo, iwe n'kuwakalipira kuti maso ali nawo. Foni ija sinaduke yokha, ndinadula ndine. Ndikukuchitira nsanje, mng'ono wanga, chifukwa uli ndi munthu womukalipira.

Ku Misa sindibwera. Ndingakhale kumbuyo kwanu n'kumayang'ana khosi la mwamuna wako, mtima ukufunsa zosayenera kufunsa m'tchalitchi. Undikhululukire.

Koma undimvere pa chimodzi ichi: usadalire magazi okha. Alamu akayamba kuwonda kapena kumva ululu wachilendo, ukakamire kuti awajambule m'kati, ngakhale akukalipire. Ndikufuna ndizikuchitira nsanje zaka zambiri.

Ambuye akusungeni nonse. Undiperekere moni kwa ana, ndi kwa alamu. Za foni ija usawauze.

Ine mkulu wako,
Perpetua