Bowo la pa Malaya a Mzime

17 Okotobala

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira miyendo yanu yayamba kupepuka ndipo achemwali akukusamalirani bwino kumeneko. Ife kuno tadzuka, ndingotero. Ndasankha kulemba chifukwa pafoni mukangoti "mwanawe", lilime langa limalemera n'kuyamba kukuuzani za nyengo. Nkhani ndili nayoyi ndi ya Mzime wanu, ndipo muiwerenge mutakhala pansi.

Mwakhala mukufunsa za mlandu. Ndiyambe ndi zimene simunaone, poti kumaliro simunathe kufika. Tsiku lija anthu a m'dera lathu anangonyamula zidebe zopanda kanthu kukapereka kalata ku ofesi ya zamadzi, chifukwa mipopi inali itauma miyezi itatu. Chilolezo anali nacho. Amayi ena anali ndi ana kumbuyo. Mzime anadutsa pakhonde pomwe ndimasokera, atavala malaya abuluu aja ndinamusokera atayamba uphunzitsi, n'kunditengera chidebe changa chochapira. Ndinamukalipira kuti akachiphwanya asabwerenso pano. Iye kuseka: "Achemwali, musadandaule, lero chibwera chodzadza."

Masana utsi wokhetsa misozi unafika mpaka pa makina anga, kenako ndinamva mfuti. Amene anali naye akuti apolisi atatseka msewu, anthu anakhala pansi, zidebe zili pamiyendo. Mfuti zitayamba kulira aliyense anathawa, ndipo Mzime anagwa akuthawa.

Thupi lake sanatilole kuliona. Bokosi anatipatsa atalikhomera kale, apolisi awiri ali pambali pathu mpaka kumanda. Pa chikalata cha imfa analemba kuti anapondedwa ndi anzake pothawa. Koma bambo wina wogwira ntchito ku mochale ananditsatira mpaka pageti la chipatala n'kundipanikiza thumba la pulasitiki m'khwapa.

"Mayi, izi anandiuza kuti ndiwotche. Ine ndalephera. Chonde musanditchule."

M'thumbamo munali malaya aja. Kumsana, pakati pa mapewa, panali bowo loti nsonga ya kachala kanga inkalowa.

Apa ndi pamene ndinakunamizani. Ndinauza inu, achemwali ndi amalume kuti malayawo apolisi anadzalanda. Sanalande, Amayi. Ali pano patebulo pamene ndikulembapa.

Anakhala m'dengu la zidutswa za nsalu masiku anayi. Ndikamasoka za anthu, mtima unkangokhala m'dengumo. Mukudziwa inu mmene munatilelera: chovala chong'ambika sichidikira mawa, ndipo mwana wa telala sayenda ndi bowo. Mzime ndamusokera kuyambira pa kabudula wa sukulu uja ankang'amba kumbuyo sabata iliyonse. Tsiku lachisanu m'mawa manja anga anangoyamba okha. Madzi ndinakatunga kutsidya kwa njanji, ulendo wa ola lathunthu. Ndinawaviika m'madzi ozizira amchere monga munandiphunzitsira, n'kuchapa katatu mpaka magazi onse anachoka. Ulusi wonyenyeka wa m'mphepete mwa bowolo ndinaudula. Kenako ndinasolola ulusi kumpendero wa malaya omwewo kuti mtundu ufanane, n'kuluka bowolo ulusi umodziumodzi, wopingasa ndi woimirira, osaika chigamba. Dzuwa linapendeka ndili pomwepo. Nditasita, ndinamva kuti ndamuchitirako kanthu mwana wanu, poti kumusambitsa anandikaniza. Tsiku limenelo ndinakwanitsa kudya.

Patapita sabata ziwiri kunabwera loya wa bungwe loona za ufulu wa anthu, mayi wochepa thupi, nsapato zake zili fumbi lokhalokha. Anakhala pa benchi ya makasitomala n'kundifotokozera modekha. Akuti malamulo amalola anthu kuyenda mumsewu kukadandaula bola asanyamule zida, ndipo wapolisi saloledwa kuwombera munthu amene akuthawa. Akuti boma linasainira zimenezi pamaso pa mayiko ena, ndipo liyenera kufufuza imfa iliyonse yotere. Ndinamva kukoma, Amayi, ngati akundisimbira za dziko lina labwino kumene anthu ake amakhala mwamtendere.

"Koma khoti limafuna umboni," anatero. "Dokotala amene anapima thupi lake aboma anamusamutsa. Amene anaona akuopa, ndipo sindingawadzudzule. Kufukula thupi atikaniza kawiri. Mabanja asanu ndi awiri munataya anthu tsiku lija, zikalata zanu zonse zikuti anapondedwa. Amalume anu andiuza kuti muli ndi malaya ake."

Ndinathamanga kukawatenga, ali opinda bwino, akununkhira sopo. Anawatambasula pa tebulo lodulira nsalu. Anayang'ana kumsana, anawatembenuza, anatuluka nawo kukawaunika padzuwa.

"Mayi, bowo lili pati?"

Ichi ndi chimene sindinauzepo munthu. Atafunsa choncho, mtima wanga unanyada. Kanthawi kochepa chabe, koma unanyada kuti munthu wophunzira chotere walephera kupeza pamene ndinasoka. Kenako ndinaona nkhope yake.

Sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Nditamuuza zimene ndinachita, anangobwerera pa benchi paja n'kuvula magalasi.

"Nditha kumasula ulusiwo," ndinatero. "Mphindi khumi zokha, bowo libwerera."

"Mukamasula, loya wa boma adzati mwaboola nokha ndi sizasi yanu. Ndinu telala, mayi. Magazi aja ndi ulusi wa m'mphepete uja ndi zimene akatswiri akanapima."

Safunsa anadya phula, Amayi, ndipo ine sindinafunse aliyense. Bodza la apolisi ndinalipeka madzulo a tsiku lomwelo amalume atabwera kudzamva mmene zayendera, ndipo loya uja sanandiulule mpaka lero.

Mlanduwo anakaulembetsabe. Lachiwiri lapitali woweruza anautaya, akuti palibe chosonyeza kuti aliyense anawomberedwa. Sizinathe ngakhale theka la ola. Panja mabanja ena aja anabwera kudzandigwira chanza. Mayi wina amene anataya mwamuna wake, khanda lili kumbuyo, anandikumbatira n'kunena kuti, "Limbani mtima, achemwali. Akanapanda kukulandani malaya aja, bwenzi tonse tapambana." Ine ndinagwedeza mutu kuvomera. Amalume akungobwereza kuti mlandu suwola. Ndimangowayang'ana, poti uwu ndinauchapa ndekha ndi sopo.

Bambo wa ku mochale uja ndinakumana naye pamsika, anayang'ana kumbali. Sindikumuda. Iye anaika ntchito yake pachiswe kuti malayawo apulumuke kumoto, osadziwa kuti akuwapereka kwa ine. Apolisi amene anatseka msewu aja timawaona tsiku ndi tsiku, mmodzi anabweretsa ndi thalauza kuti ndimufupikitsire, ndipo ndinafupikitsa. Mipopi idakali youma.

Malayawo ndikuwakulunga pamodzi ndi kalatayi, ndipo pempho langa ndi limodzi. Pamene ndinkaphunzira kusoka, panalibe msoko wanga umene chala chanu chinalephera kupeza, ngakhale mutatsinzina. Papasani kumsana, pakati pa mapewa, chakumanzere pang'ono. Mukapapeza mundiuze. Dzulo ndinapafunafuna ine mwini wake koma sindinapapeze, ndipo chikalata cha boma chili ndi chidindo pamene ine ndilibe kalikonse. Ndayamba kudzifunsa ngati bowolo ndinaliwonadi, ndipo zimenezi zikundiopsa kuposa apolisi. Zoti mundikhululukire sindikupempha, sindinafike poyenera kutero.

Mundiperekere moni kwa achemwali, alamu ndi ana onse. Kalatayi musawawerengere, ndidzawauza ndekha ndikapeza mphamvu. Kuno amalume akupereka moni, bambo a ana akupereka moni, adzukulu anu awiri akupereka moni. Mzerewu ndauwerenga kawiri poganiza kuti ndadumpha wina, koma ayi, tatsala ndife amenewa.

Ine mwana wanu,
amene munamuphunzitsa kugwira singano.