Chipewa cha Mawaya pamutu pa Shamim

Ntaja, Machinga
13 Meyi 2024

Okondedwa achimwene a Sufiyani,

Salamu aleikumu. Kalatayi aijambula anzanga a Lukiya n'kukutumizirani ku Joniko, chifukwa foni yanga ili m'manja mwa alamu anu, a Twalibu.

Mukumudziwa Shamim wanu, mwana wangayu. Sakhazikika, funso lisanathe wayankha kale zina, ntchito iliyonse amaisiyira pakati. Kumadrasa amubweza kawiri. Bambo ake amati ndi mwano, ndipo ndodo zathera pa iye.

Mwezi wathawu ndinamva kuti kuchipatala china ku Balaka kwabwera madokotala oona ana otere. Ndinanama kuti ndikukagula nsalu, n'kupita naye. Atandifunsa mafunso ambirimbiri, anamuveka chipewa cha mawaya, ndipo pakompyuta panayamba kuyenda timizere tokwera ndi kutsika. Ine ndinafunsa ngati sizimupweteka.

"Mayi, sizipweteka iyayi, komanso sitichotsa kanthu m'mutumo," anatero dokotala wamkazi. "Tikungoona mmene ubongo ukugwirira ntchito. Pamodzi ndi zomwe mwafotokozazi, mwanayu si wamwano. Amavutika kuika maganizo pa chinthu chimodzi."

Ndinalira pagulu, achimwene. Nanenso ndakhala ndikumumenya.

Anatipatsa mapiritsi. Milungu itatu tsopano akumaliza masamu ake onse, koma sakudya bwino, ndipo nthawi zina amangoti phee pakhonde moti ndimachita mantha. Dokotala anati tibwererenso Lachinayi likudzali amuyeze kachiwiri, aone ngati mankhwalawo akumuyenera kapena awachepetse.

Dzana mwanayu anawafotokozera bambo ake za chipewacho, uku akuseka. Iwo anafufuza nyumba yonse mpaka anapeza mapiritsi m'thumba la mpunga.

"Wapereka mutu wa mwana wanga kwa anamapopa?" anakuwa motero. Mapiritsi anawataya m'chimbudzi, foni anandilanda, ndipo anati ndikangokwera minibasi ya ku Balaka ndisadzapondenso pakhomo pano.

Inu ndinu mwini mbumba, mawu anu amawamvera. Chonde aimbireni lisanafike Lachinayi. Mukapanda kutero ndipitabe, ndipo mudzatifunse kwa amayi ku Kawinga.

Moni kwa alamu anga ndi ana. Shamim akuti akusowani kwambiri. Sakudziwa kuti zovala zake ndamanga kale m'chitenje pansi pa bedi.

Ndine mlongo wanu,
Saida